Roketi Ifuna Bwalo Lalikulu Kuposa Mwini Wake

Nkhani yathu ya lero ikhudza makamaka aphunzitsi a sayansi, makolo, mafumu, ndiponso anyamata ndi atsikana aja amene manja awo sakhala chete, amene akaona chitini ndi waya amaganiza kale za chimene angapange. Tikamba za maroketi ang'onoang'ono opangidwa ndi anthu wamba, za ngozi zake, ndi za vuto limene ambiri amaliganizira pomalizira chikhalirecho ndilo loyenera kuyamba: kodi chinthucho mukachiulutsira kuti? Zitsanzo za malo tizitenga m'boma la Chiradzulu, popeza kumeneko ndi kumene vutoli lionekera bwino, koma omvera a ku Thyolo, ku Mulanje ndi kwina kumene anthu ali othithikana adzazindikira kwao m'mawu amenewa.

Tiyambe ndi funso lakuti roketi nchiyani. Ndege imauluka potsamira mpweya ndi mapiko ake, monga ichitira mbalame. Roketi siitsamira kanthu. Imanyamula yokha zinthu m'mimba mwake ndi kuzitaya kumbuyo mwamphamvu, ndipo kutayako ndiko kumaikankhira kutsogolo. Amene anakwerapo bwato pa Chilwa adziwa kuti munthu akadumphira kumtunda, bwato limabwerera m'madzi. Mwana akafufuma chibaluni ndi kuchitaya osamanga pakamwa, chimathamanga chokha m'nyumba monse. Lamulo limeneli analilemba Isaac Newton m'chaka cha 1687, ndipo roketi yopita kumwezi ndi roketi ya mwana wa Sitandade 7 zimamvera lamulo limodzimodzilo. Kusiyana kwake kuli pa zimene zitayidwa kumbuyo. Ina itaya mpweya wotentha wochokera ku mankhwala oyaka, ina itaya madzi wamba.

Anzathu a ku Zambia ali ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Bambo Edward Mukuka Nkoloso, amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nakhalaponso mphunzitsi ndi womenyera ufulu, anakhazikitsa kagulu kamene anakatcha Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. M'chaka cha 1964 anali kuphunzitsa achinyamata 12 pa famu ina yakale kunja kwa mzinda wa Lusaka, nati adzawatumiza kumwezi ndi ku Mars asanatero a ku America ndi a ku Russia. Anali kuwalowetsa mu mgolo wa mafuta ndi kuwakunkhuniza pa chitunda kuti azolowere kuzunguzika kwa m'chombo. Roketi yake, yooneka ngati mgolo, anaitcha D-Kalu 1, ndipo anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, ndalama zimene sanalandire. Atolankhani a kunja anamseka kwambiri. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati mkuluyo anali kunena zoona kapena anali kunyogodola azungu mochenjera, pakuti ananenanso kuti adzatumiza mmishonale ku Mars, koma atamlangiza kuti asakakamize eni dziko kulowa Chikhristu.

Chimene ife tifuna m'mbiri imeneyi ndi malo amene Bambo Nkoloso anasankha. Anafuna kuulutsa roketi yao pa 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu wa Zambia, m'bwalo la Independence Stadium, pakati pa namtindi wa anthu. Akuluakulu okonza chikondwererocho anakana, ndipo mwini wake anadandaula poyera kuti iwo anangoopa phokoso ndi fumbi. Ine ndiima ndi akuluakuluwo. Mgolowo ukanayaka kapena ukanapanda kuyaka, bwalo lodzaza anthu si malo oyeserapo chinthu chimene sichinayesedwepo. Bambo Nkoloso anamwalira mu 1989 roketi yao isanauluke.

Musaganize kuti vutoli ndi la kuno ku Africa kokha. Robert Goddard, mphunzitsi wa sayansi wa ku America, ndiye anaulutsa roketi yoyamba yoyendera mafuta amadzimadzi, pa 16 Malichi 1926, pa famu ya wachibale wake ku Auburn m'chigawo cha Massachusetts. Inakwera mamita 12 okha, inakhala m'mwamba masekondi awiri ndi theka, nikagwera m'munda wa kabichi mamita 56 kuchokera pamene inanyamukira. Mu Julayi 1929 roketi yake ina inachita phokoso loti anthu oyandikana naye anayesa ndege yagwa, naitana apolisi ndi magalimoto onyamula odwala. Mkulu woona za moto m'chigawocho anamletsa kuulutsiranso pamenepo. Mu 1930 Goddard anasamukira ku Roswell, m'chipululu cha New Mexico, kumene kunalibe nyumba yoti aitenthe kapena munthu woti amdzidzimutse. Ngati katswiri wotere anasiya kwao chifukwa cha malo, nanga ife?

Tsono tibwere ku Chiradzulu. Pa kalembera wa 2018 bomali linapezeka ndi anthu oposa 350,000, pa malo osakwana masikweya kilomita 800. Ndiye kuti pa sikweya kilomita imodzi pali anthu oposa 450. Amene anayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, kudutsa pa Njuli, pa Mbulumbuzi mpaka pa Namadzi, kapena kulowera ku Nguludi, ku Mbombwe ndi ku Namitambo, adziwa kuti kumeneko munda umagundana ndi munda, mudzi ukatha wina wayamba. Pamene muona mitengo yowirira, kawirikawiri ndi manda, ndipo kumanda sitiponyako zoseweretsa. Phiri la Chiradzulu lingakope mwana kuti akaulutsire pamwamba pake, koma kumeneko kuli nkhalango yotetezedwa ndi boma, mphepo yake ndi yamphamvu, ndipo chinthu chochokera paphiri chimagwera kutali, pa midzi ya m'munsi.

Kodi malo oyenera ndi aakulu bwanji? Pano tibwereke nzeru kwa amene anayamba kale. A ku Russia ataulutsa Sputnik pa 4 Okutobala 1957, achinyamata ambiri a ku America anayamba kupanga maroketi m'makhitchini ndi m'magalaja, potsendera mitu ya machesi ndi wonga m'mapaipi achitsulo. Ambiri anaduka zala, ena anachita khungu, ena anafa. M'chaka chomwecho G. Harry Stine, amene anagwirapo ntchito pa bwalo loyesera maroketi la White Sands, pamodzi ndi Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Nebraska, anayambitsa bungwe limene pambuyo pake linatchedwa National Association of Rocketry. Nzeru yao inali yakuti mwana azipanga thupi la roketi ndi pepala, timatabwa topepuka kapena pulasitiki, koma injini yake, kumene kuli mankhwala oyaka, izipangidwa kufakitale, yoyezedwa ndi yoyesedwa. Mainjiniwo anawapatsa zilembo, A, B, C, D ndi kupitirira, ndipo chilembo chilichonse chikhoza kukhala ndi mphamvu zowirikiza kawiri za chinzake cham'mbuyo.

Malamulo a bungweli amati injini ya A ifuna bwalo la mamita 30 mbali yake yaifupi, ya B mamita 60, ya C mamita 120, ya D mamita 150, ndipo za E, F ndi G mamita 300. Taganizani za bwalo la mpira la pasukulu yanu. M'litali lili pafupifupi mamita 100, m'lifupi mamita 60 kapena 65 ngati mwini munda wa pambali sanalimeko. Ndiye kuti bwalo la mpira lingalandire injini ya A ndi ya B basi. Ya C, imene ingalowe m'thumba la malaya, yaposa kale bwalolo.

Mwina wina afunsa kuti bwanji malo onsewo, pamene roketi imapita m'mwamba osati m'mbali. Yankho lili pa kutsika kwake. Roketi yopangidwa bwino imatsegula kambulera kansalu ikafika pamwamba, kuti itsike pang'onopang'ono. Tinene kuti yakwera mamita 200 ndipo itsika mamita 4 pa sekondi. Idzakhala m'mwamba masekondi 50. Kamphepo kongogwedeza masamba a nthochi, koyenda mamita 4 pa sekondi, kadzaitenga mamita 200 kuchokera pamene inanyamukira. Ku Chiradzulu mamita 200 ndiye kuti mwadutsa minda ya anthu angapo, mwina mwafika pa denga la wina. Tsono kambulera kaja kakapanda kutseguka, nkhani isanduka ina. Paipi yachitsulo yogwa kuchokera pa mamita 100 imafika pansi ikuthamanga makilomita pafupifupi 150 pa ola, ndipo siisankha pogwera. Nchifukwa chake amaletsa chitsulo pa mphuno, pa thupi ndi pa zipsepse za roketi yaing'ono, ndiponso amati kulemera kwake konse kusapitirire magalamu 1,500.

Pali malamulo ena amene tingawadutse msanga. Roketi imayatsidwa ndi magetsi a batire kudzera pa waya wautali, woyatsayo ali mamita 5 kapena 10 kutali malinga ndi kukula kwa injini, osati ndi machesi kapena chikuni. Asanayatse amawerenga mokweza kuti onse amve. Ikakana kuyaka, palibe woyandikira mpaka patapita masekondi 60. Siilozetsedwa kwa munthu, kwa nyumba, ku mitambo kapena kumene kukudutsa ndege, ndipo siipendekeka kuposa madigiri 30 kuchokera pa chiriri. Mphepo ikaposa makilomita 30 pa ola, tsikulo palibe kuulutsa. Ikakodwa pa mawaya a magetsi, yatayika basi, musaitokose ndi nsungwi.

Nyengo ya kwathu ili ndi mavuto akeake amene olemba malamulo aja sanawaone. M'miyezi ya dzinja minda ili ndi chimanga, ndipo ana 40 othamangira roketi m'munda wa mwini aononga zambiri kuposa roketiyo. Mu Juni ndi Julayi kumagwa chiperoni, mtambo uli pansi, phiri losaoneka, ndipo chinthu chimene simungachione sichiyenera kuulutsidwa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba kumwamba kumayera bwino, koma imeneyo ndiyo nthawi yoopsa koposa. Udzu wauma, mapesi ali mbwee m'minda, nandolo akali chiimire, ena aunjika udzu wofolerera nyumba, ndipo kamvulumvulu amadzuka masana popanda chenjezo. Tonse tidziwa chimene kamoto ka osaka mbewa kamachita m'miyezi imeneyi. Dambo looneka lopanda kanthu lili ndi ng'ombe, abusa ake, ndi amayi a kumadimba amene simungawaone muli chapatali. Ngati pali nthawi yabwinoko, ndi m'mamawa mphepo isanadzuke, pa bwalo losesedwa lopanda udzu, ndowa za madzi ndi mchenga zili pafupi.

Tisaiwale za kumwamba. Bwalo la ndege la Chileka lili makilomita osaposa 30 kuchokera pa boma la Chiradzulu, ndipo ndege ikamatera kapena kunyamuka imauluka chapansi. Mlengalenga muli ndi eni ake monga momwe munda uli ndi mwini. Aliyense wofuna kuulutsa chinthu chokwera mamita mazanamazana ayenera kuyamba walembera akuluakulu oyang'anira za ndege m'dziko muno, ndi kudikira yankho lao. Palinso lamulo la dziko lokhudza zophulika, limene sililola munthu kupanga kapena kusunga zinthu zotere popanda chilolezo. Apa ndinene mosapsatira. Mainjini a kufakitale aja si katundu amene mungampeze pa golosale ya pa Mbulumbuzi, ndipo chiyeso chimene chimagwera mwana wochenjera ndicho kudzipangira yekha, ndi machesi, wonga wa mfuti ya gogodela, kapena mankhwala ena amene wawaona pa intaneti. Chimene amapanga potero ndi bomba lokhala ndi zipsepse. Mphunzitsi kapena kholo lopeza mwana akupala mitu ya machesi m'kachitini asadikire kuti aone zotsatira zake.

Kodi tsono tiwauze ana athu kuti aiwale za maroketi? Iyayi. Pali roketi imene ikwana pa bwalo la mpira la sukulu iliyonse, imene siitentha udzu, ndipo zipangizo zake zili m'mudzi momwemo. Imeneyi ndi roketi ya madzi.

Mutenga botolo la pulasitiki la malita 2, la chakumwa cha gasi, chifukwa limenelo linapangidwa kuti lipirire mpweya wopanikizika. Botolo la galasi ayi, la mafuta ophikira ayi, lokalika, lopindika kapena limene linakhala pafupi ndi moto ayi. Mulizondotsa kuti pakamwa pake paloze pansi. Kumwamba mumatirako mphuno yofewa, monga siponji kapena theka la mpira wa tenesi, ndipo m'munsi mumata zipsepse zitatu kapena zinayi za katoni. Muthiramo madzi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pakamwa mutseka ndi chitsekerero chothina chimene mwabowola ndi kulowetsamo valavu ya chubu chakale cha njinga. Mukapopa ndi pampu ya njinga, mpweya umapanikizika pamwamba pa madzi mpaka chitsekerero chifwamphuka, madzi atuluka mwamphamvu, botolo liuluka. Lopangidwa bwino limapitirira msinkhu wa mtengo wa bulugama.

Madziwo ali ndi chifukwa chake. Botolo la mpweya wokhawokha silipita patali, popeza mpweya ndi wopepuka ndipo kukankha kwake nkochepa. Botolo lodzaza madzi nalonso silipita patali, popeza lalemera ndipo mulibe malo a mpweya wokankha. Apa mphunzitsi ali ndi phunziro lathunthu: ana ayese ndi kapu imodzi ya madzi, kenaka ziwiri, kenaka zitatu, alembe zimene aona, apeze okha muyeso wabwino. Kutalika kwa ulendo angakuyeze ndi kachipangizo koyezera madigiri ka m'bokosi la masamu, atamangirira ulusi ndi kamwala. Mwana aime mamita 30 kuchokera pa roketi. Ngati poiyang'ana pamwamba penipeni wapeza madigiri 45, ndiye kuti yakwera mamita 30 kuonjezapo msinkhu wa maso ake.

Nazonso zipsepse si zokongoletsa. Agogo athu anali kumanga nthenga kumbuyo kwa muvi ndi chitsulo kutsogolo, chifukwa chinthu cholemera kutsogolo ndi chogwira mphepo kumbuyo chimayenda molunjika. Roketi yolemera kumbuyo imazungulira m'mwamba ndi kubwerera kwa oonerera. Musanaulutse, imangeni chingwe pamalo pamene imakhazikika osapendekera mbali, ndipo muizungulitse pamwamba pa mutu. Ikamatsogoza mphuno, ili bwino. Ikamapidiguka, onjezani kulemera kumphuno kapena kulitsani zipsepse.

Ngakhale ndi ya madzi, ulemu uyenera kukhalapo. Botolo likanyamuka limathamanga kwambiri, ndipo lingathyole mphuno kapena kuphulitsa diso la amene waweramirapo. Lumikizani chubu chachitali kuti wopopa akhale patali, oonerera aime mamita 15 kumbuyo kwa mzere wolembedwa ndi phulusa, ndipo munthu wamkulu mmodzi yekha ndiye azilamula. Likakana kunyamuka, musaligwire lili ndi mpweya, tulutsani mpweyawo muli patali. Musaikemo kabaidi wa owotcherera zitsulo kapena china chilichonse chotulutsa mpweya chokha, chifukwa pamenepo simungathenso kuletsa. Ndipo musaipeputse roketi imeneyi: mu 2015 gulu la pa yunivesite ya Cape Town linaulutsa roketi ya madzi ndi mpweya, yopangidwa mwapadera, mpaka mamita 830.

Kapemphedwe ka malo nako kali ndi njira yake. Bwalo la sukulu lili m'manja mwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu. Dambo kapena malo ogonera ali m'manja mwa a mfumu, ndipo kwa a mfumu sitituma mwana, amapita mphunzitsi kapena kholo, kukafotokoza chimene chidzachitike, tsiku lake ndi ora lake. Eni minda yozungulira auzidwe, kuti pasadzakhale mlandu wa mbewu zopondedwa. Kukakhala kuti kudzasonkhana anthu ambiri, apolisi a pafupi adziwitsidwe. Kumudzi chinthu chouluka mosadziwika bwino chimabala mphekesera msanga, ndipo mwana wosalakwa angatchedwe maina oipa pa chinthu chimene chikanangofotokozedwa pa bwalo la a mfumu.

Nanga amene adzakula nazo, nafuna kukwera kuposa apa? Njira yao ndi ya sukulu zaukachenjede ndi mabwalo ovomerezeka ndi boma. Ophunzira a pa yunivesite ya KwaZulu-Natal ku Durban amapanga maroketi otchedwa Phoenix, koma saulutsira ku Durban. Amawanyamula ulendo wa makilomita oposa 1,000 kupita ku Overberg, bwalo loyesera zida la m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Western Cape. Kumeneko mu Malichi 2021 roketi yao ina inakwera pafupifupi makilomita 18. Ina ya mu 2019 inalephera itangoyatsidwa, ndipo bwalo lotere analipangira zoterozo. A ku Italy nawo anamanga nsanja pa nyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya, pamene kum'mawa konse kuli madzi okhaokha, ndipo pa 12 Disembala 1970 anaulutsirapo setilaiti ya a ku America imene inatchedwa Uhuru polemekeza tsiku la ufulu wa Kenya.

Kuno kwathu chitsanzo chapafupi si cha roketi koma cha tindege topanda woyendetsa. Mu Juni 2017 boma la Malawi pamodzi ndi UNICEF linapatula mlengalenga mozungulira bwalo la ndege la Kasungu, makilomita 40 mbali zonse, kuti ofuna kuyesa tindege totere ayesere kumeneko movomerezeka, ndipo mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti, mogwirizana ndi yunivesite ya sayansi ya MUST ya ku Thyolo. Kalabu ya sayansi ya pa sekondale ya ku Chiradzulu imene yaposa msinkhu wa botolo ndi pampu iyambe yalembera aphunzitsi a ku yunivesite imeneyo, pakuti ku Ndata kumene iliko ndi boma loyandikana nalo, ulendo wopita ndi kubwerako tsiku lomwelo.